Achule Awiri a m'Nazale

Amene anamanga tepi yachikasu pakhomo la shedi yaikulu anali mlamu weniweni wa mayi wa nazale, mng'ono wa mwamuna wake. Anaimanga mosamala, kuchokera pa mzati uwu kufika pa uwo, kenako anaima n'kumapukuta manja pa thalauza ngakhale sanagwire chonyowa. Mayi wa nazale anali chapambali, kheni yothirira ili m'manja. Sanafunse kanthu, pakuti zonse zinachitika iye akuona.

Mlamuyo ankagwira ntchito ku ofesi yoyendera zomera zolowa m'dziko. Anzake ankamutchula kuti Mabotolo, chifukwa akamayenda m'chikwama chake munkalira timabotolo ta sipiliti, tosungiramo tizilombo timene ankapeza m'katundu wa anthu. M'mawa umenewo anabwera kudzaona maluwa amene mayiyo anaitanitsa kunja, oti akakongoletse hotela ina yatsopano. Anali maluwa a masamba olimba ngati a chinanazi, osunga madzi pakati. Ali mkati motembenuza masamba, Mabotolo anapeza kachule. Kanali kobiriwira, kosaposa chala chachikulu cha kudzanja, katatsinzina, katadzimata pa tsamba ndi tizala tokhala ndi timinofu tozungulira kunsonga. Dzanja lake linachita zimene linazolowera kuchita ndi mbozi ndi nsabwe za m'masamba. Linatsegula botolo, linakagwetseramo, linatseka. Kachule kanaphiriphitha pang'ono n'kungoti zii.

Lamulo la ofesi yawo linali losavuta kumva. Chamoyo chilichonse chopezeka m'katundu wochokera kunja chiyenera kudziwika mtundu wake ndi kwawo. Chikakhala chakuno, tepi imachotsedwa. Chikakhala chachilendo, kapena chikapanda kudziwika pofika tsiku limene ofesi yaika, zonse za m'shedi imeneyo zimatenthedwa, ndi dothi lomwe.

"Nditani nanga, alamu?" anatero Mabotolo. "Ndikabisa, vutoli likadzaphulika lidzakhala langa ndi lanu lomwe."

Maluwawo mayiyo sankawadandaula kwenikweni. Chimene chinamudetsa nkhawa chinali kumapeto kwa shediyo. Kumeneko, m'migolo yodula pakati, munali mitengo ya makolo: malalanje, manachesi ndi mandimu amene mwamuna wake anasonkhanitsa moyo wake wonse, kupempha kanthambi kwa uyu, kugula kwa uyo, n'kumezanitsa yekha. Pa mitengo imeneyo ndi pamene ankadula nthambi zomezanitsira mbande zonse zogulitsa, ndipo inkakhala mkati mwa neti kuti tizilombo tisaifike. Malo a maluwa achilendo anali shedi yaing'ono ya kuseri, koma mphepo inali itang'amba denga lake katunduyo atatsala pang'ono kufika. Mayiyo anawaika m'shedi yaikulu poganiza kuti ndi za masiku ochepa chabe.

Mwamuna wake anafa ziwalo mbali yakumanja atadwala sitiroko. Ankakhala pa njinga ya olumala, ndipo mawu ankatulukira mbali imodzi ya kamwa, olemera, ochedwa. Mutu wokha unali bwinobwino. M'mawa uliwonse akamwa tiyi, mkazi wake ankamukankha kudutsa pabwalo n'kukamusiya pakati pa migolo ija. Kumeneko ankayamba kudzudzula: uwu mwauthirira mopitirira, uwu wayamba chikasu, uwo mwaudulira ngati mukumeta mwana wokana lumo. Tsiku limene wadzudzula kwambiri ndi limene ankadya bwino.

Mayiyo anamuuza kuti m'shedi apoperamo mankhwala oopsa ndipo wodwala saloledwa kulowamo. Bamboyo anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti ndi mankhwala anji osanunkha. Iye anayankha kuti ndi atsopano, natuluka ndi makapu.

Botolo lija anapita nalo awiri, iye ndi mlamu wake, ku yunivesite, kwa mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti dokotala wa achule. Chipinda chake chinali kumapeto kwa khonde lalitali, moyandikana ndi zimbudzi, ndipo munkamveka fungo longa la m'chikwama cha Mabotolo, koma lokhalitsa. Mashelefu anali odzaza mabotolo mpaka kudenga. M'botolo lililonse munali achule otuwa mbuu, ataimirira, manja atatambasula ngati anthu odabwa. Dokotalayo anali wamfupi, waimvi, atavala majombo ngati wangochoka kudambo. Anakhuthulira kachule kaja m'kambale, anakatembenuza ndi kachitsulo, anayang'ana tizala, maso ndi pakhosi. Kenako anakoka mwendo wakumbuyo, anasuzumira mkati mwa ntchafu, n'kuusa moyo.

"Anakaika mu sipiliti ndani?"

"Ndine, adokotala," anatero Mabotolo. "Ndi mmene timachitira."

"Ndi mmene mumachitira ndi nsikidzi, bambo. Uyu si nsikidzi."

Sananene mokalipa. Anafotokoza kuti kameneka ndi kachule ka m'mitengo, za izo panalibe kukayika, koma panali mitundu iwiri yofanana ngati mapasa. Anawatengera pa mapu a pakhoma. Ndi chala anazungulira dera lawo, mitsinje yake ndi madambo ake, nanena kuti mtundu woyamba kwawo ndi komweko, wakhalako anthu asanabwere. Kenako chala chinawoloka nyanja yaikulu mpaka kutsidya, kudziko lamvula kumene maluwa aja anachokera. Uko ndiye kunali kwawo kwa mtundu wachiwiri. Pamsana, pamutu ndi pazala, sungawasiyanitse. Kusiyana kwawo kuli pamalo amene chule amabisa akakhala pansi, mkati mwa ntchafu. Wakuno pamenepo m'pofiira psuu. Wakutsidya m'pachikasu, pamadontho akuda. Koma sipiliti amachotsa mitundu, ndipo kachule ka m'kambaleko ntchafu zake zinali zitatuwa kale ngati phulusa.

Mayi wa nazale anafunsa ngati panalibe njira ina. Dokotala anati zilipo ziwiri, koma zonse sizingamuthandize. Amuna a mitundu iwiriyi amalira mosiyana, koma ino inali nyengo yadzuwa ndipo salira mvula isanagwe. Mnofu wake ungayezedwenso ndi makina, koma makinawo ali kunja, ndipo yankho lingabwere tsiku la ofesi litadutsa kalekale. Chotsala n'chimodzi: kupeza wina wamoyo m'shedi momwemo. Akapezeka wofiira ntchafu, iye angalembe kuti achule akuno amalowa m'shedimo, ndipo ofesi kawirikawiri imavomera.

Mayiyo anafunsanso, mwaulemu, kuti kanthu kakang'ono chonchi kangalakwenji mpaka kutenthetsa mitengo ya munthu. Dokotala anakhala pansi asanayankhe. Anati alendowo akafika pamalo amaswana msanga n'kulanda malo a eni ake, ndipo ena amabwera ndi nthenda ya pakhungu imene iwo saimva koma imapha achule amene sanaionepo. Anatchula chigwa china chimene ankapitako ali mtsikana kukajambula kulira kwa achule, kumene munthu sankamva mawu a mnzake mvula ikagwa. Anapitakonso posachedwa, anatero, ndipo anamva madzi okha. Atatero anamuphunzitsa kagwiridwe: manja akhale onyowa, asamufinye pamimba, amuike m'thumba lapulasitiki loonekera, aikemo tsamba lonyowa, auziremo mpweya n'kumanga.

Pobwerera, m'basi, atadutsa msika, Mabotolo ananena, maso ali pawindo, kuti zaka zonsezi palibe anamuuzapo kuti chule amasuluka ngati nsalu yotchipa. Ankafuna kuti aseke. Mayiyo sanaseke, koma sanamudzudzulenso. Ankadziwa kuti mlamu wake anachita zimene anaphunzitsidwa, monga iyenso anachita zimene zinaoneka zanzeru tsiku limene mphepo inang'amba denga.

Masiku otsatira anathera m'shedi. Ofesi inalola iye yekha kulowamo, ataponda kaye m'beseni la mankhwala pakhomo. Ankayamba akangomusambitsa mwamuna wake, n'kumatembenuza tsamba ndi tsamba. Ankasuzumira m'timadzi ta pakati pa maluwa, pansi pa miphika, m'mphepete mwa migolo, m'makwinya a neti. Masana m'shedi munkatentha ngati m'uvuni, thukuta linkalowa m'maso, ndipo tsamba lililonse lopindika linkaoneka ngati chule. Anayesanso kunamiza mvula. Anamanga paipi kudenga n'kuitsegula chamadzulo kuti madzi agwe ngati mawawa, iye n'kukhala pa ndowa yovundikira, kumvetsera. Ankangomva madontho pa masamba ndi wailesi ya kwa aneba. Akabwerera m'nyumba, ankapeza mwamuna wake ali pawindo la kuchipinda, pamene pankaonekera ngodya ya shedi ndi nsonga ya tepi ikukupiza. Chakudya ankangochilawa.

Tsiku la ofesi litayandikira, Mabotolo anabwera ndi buledi ndi shuga. Anacheza pang'ono ndi mkulu wake, amene anamufunsa ngati ku ofesi kwawo anayamba kulipira anthu pomanga maliboni m'makomo mwa abale awo. Mabotolo anaseka mouma, natuluka kukapeza mlamu wake kuseri, pa thanki ya madzi. Anayang'ana uku ndi uku ngakhale panalibe munthu.

"Alamu, chule alibe chiphaso. Dokotala wati wamoyo wa m'shedi. Sananene kuti akhale wobadwira m'shedi."

Mayiyo anamva bwino lomwe. Anafunsa kuti nanga woyamba uja akakhala kuti analidi wachilendo. Mabotolo anati woyamba uja anafa, ali m'botolo, sangaswanenso. Anati iye wakhala pa ntchitoyi nthawi yaitali, ndipo katundu wambiri amene anatenthetsa analibe kanthu, ankangotentha poopa. Anati achimwene sangapirire zimenezi, aliyense akuona mmene aondera. Mayiyo anatseka mpopi n'kunena kuti tiyi wazizira.

M'mawa wa tsiku lomaliza lofufuza, sanalowe m'shedi. Anapita kuseri kwa thanki, kumene paipi yodontha inkasunga chinyezi chaka chonse ndipo panamera nthochi zingapo zosasamalidwa. Anayamba kukanganula masamba pamene amagwirana ndi thunthu. M'mbuyomu ankawaona achule otere pamenepo osawalabadira. Anapeza mphemvu, nkhono, kangaude wamkulu. Dzuwa litakwera, m'khwapa mwa tsamba lina munali kachule kobiriwira, katatsinzina. Ananyowetsa manja, anakagwira, anakoka mwendo monga anaonera. Ntchafu inali yofiira psuu. Anakaika m'thumba, anauziramo mpweya, namanga. Mtima unapepuka koyamba chimangireni tepi.

Anaponda m'beseni nalowa m'shedi. Anaganiza kuti ndi bwino thumbalo ligone momwemo, pamthunzi, kuti mawa akanena kuti kachuleka kachokera m'shedi likhale bodza lochepa. Anapita kumapeto, pa mgolo wa mandimu, nawerama kuti aliike pansi. Powerama paja, maso ake anafika pansi pa tsamba limene anali atalitembenuza kangapo masiku apitawo. Panali kachule kena, katadzimata phee, kofanana ndi ka m'thumba ngati kaphwanyidwa pakati.

Anaima nthawi yaitali osakagwira. Anadziuza kuti mwina n'kakuno, ndipo ngati zili choncho sipafunikanso bodza. Anadziuzanso kuti akhoza kungotuluka ngati sanaone kanthu. Pomaliza anaviika manja m'kheni n'kukagwira. Kanali kozizira, kamtima kake kakugunda pachala chake. Anakoka mwendo. Ntchafu inali yachikasu, yamadontho akuda ngati wina wawazapo inki. Anakokanso mwendo winawo, ngati kuti ungakhale wosiyana.

Madzulo a tsikulo, atamupukuta mwamuna wake kumaso, anakhala pamphepete pa bedi n'kumuuza zonse: za maluwa, za botolo, za lamulo, za nzeru ya mlamu wake. Bamboyo anamvetsera osamudula. Atamaliza, anati ankadziwa kuti akunamizidwa, chifukwa mankhwala osanunkha kulibe, ndipo mkazi wake akamanama amatsuka makapu oyera kale. Anapempha kuti awaone. Mayiyo anabweretsa matumba awiri aja. Bamboyo ananyamula limodzi ndi dzanja lamanzere, analiyandikiza kuwindo, kenako linalo.

"Mlendo ndi uti?"

"Uyo muli nayeyo."

"Mupondeni. Mukamukwirire kuseri."

Mayiyo anati mwina alipo ena amene sanawaone. Bamboyo anati akawaona adzawapondanso, nsapato ali nazo. Mayiyo anati mbande za m'shedimo zimapita kwa alimi a m'mbali mwa mitsinje, ndipo madzi a pa nazale amatsikira kudambo. Bamboyo anati iye moyo wake wonse anaweta mitengo, sanawetepo achule, ndipo dambo lili ndi boma loliyang'anira pamene mitengo yake ili ndi iye yekha. Analankhula motalika kuposa mmene anachitirapo chidwalireni. Malovu anatsikira pachibwano, ndipo mkazi wake atafuna kumupukuta anapotoza mutu. Anatchula mitengoyo umodziumodzi, kumene anautenga, ndi munthu amene anamupatsa. Ambiri mwa anthuwo anali atamwalira, ndipo minda yawo inasanduka nyumba. Kenako mawu anamuthera, natsala akupuma mwabefu.

"Mayi, mwendo unapita, dzanja linapita. Chanditsalira ndi mitengo ija. Sindinakupempheni zambiri."

Zinali zoona, sanapemphepo zambiri. Mayiyo anatenga matumba aja n'kukawabwezera m'shedi.

M'mawa mwake bamboyo anafunsa ngati wathana naye, ndipo iye anati akukathana naye tsopano lino. Anaika thumba la mlendo uja m'thumba la epuloni napita kuseri kwa thanki. Anakumba kadzenje ndi chidendene. Anatulutsa thumba, analiika pansi, anakweza phazi. Kachule kanali katakwera m'mbali mwa pulasitiki, mimba yake yoyera ikuoneka, pakhosi pakugunda. Mayiyo anali atapha nkhuku zosawerengeka, makoswe, ngakhale njoka, ndipo sanali munthu wa chisoni ndi tizilombo. Chimene chinamuimitsa chinali tsamba lija. Analitembenuza kangapo osaona kanthu, ndipo m'shedi munali masamba ochuluka kuposa amene munthu mmodzi angatembenuze. Ali chiimire choncho anamva galimoto pageti. Anatola thumba n'kulibwezera m'epuloni.

Anali Mabotolo ndi dokotala wa achule. Bamboyo anaumirira kuti amutulutse, ndipo mng'ono wake anamukankha mpaka pa tepi. Anali atavala malaya ake abwino. Anapereka moni kwa dokotala ndi dzanja lamanzere, namuuza kuti wamva zoti iwo amayang'ana ntchafu za achule kuti adye, ndipo iye sankadziwa kuti sukulu imafika pamenepo. Dokotala anaseka, nati ntchito zina makolo sauzidwa.

Mayi wa nazale analowa m'shedi n'kutuluka ndi thumba la kachule kakuno. Dokotala anavala magolovesi, ananyowetsa zala, anakatulutsa n'kukoka mwendo. Nkhope yake inamasuka. Anati ameneyu ndi mwini dziko, palibe chokayikitsa, ndipo alemba lero lomwe kuti tepi ichotsedwe. Mabotolo anapumira m'mwamba n'kuyamba kufunafuna cholembera m'matumba. Dokotala, akubwezera kachule m'thumba, ananena ngati akudzilankhula yekha kuti nkhaniyi inamusowetsa mtendere, chifukwa ngalande ya kuseri kwa nazaleyi imathira m'dambo limodzi mwa ochepa amene atsala aphokoso. Anati kachuleka akamasule konko dzuwa likapepa.

Anthu amene anamva nkhaniyi pambuyo pake anaiweruza mosiyana. Ena anati mayiyo anachita zoyenera, ena anati anasankha achule kusiya mwamuna wake. Iye mwini sanafotokozepo. Chimene chinaoneka n'chakuti anaima kanthawi, dzanja lili pa epuloni, maso ali pansi. Kenako anapisa m'thumba.

"Adokotala, pali uyunso."

Dokotala analandira thumbalo. Anakoka mwendo, anayang'ana, anakokanso winawo. Anafunsa kumene wamupeza, ndipo mayiyo anati pa mandimu, kumapeto kwa shedi. Anafunsa za wofiira ntchafu uja.

"Kuseri kwa thanki. Ndinamubweretsa ndine. Alamu sakudziwapo kanthu."

Mabotolo ankayang'ana nsapato zake. Dokotala anamuyang'ana iye, anayang'ana mayiyo, ndipo sanafunsenso. Anati achule onse awiri apita nawo. Wakunoyo sangabwererenso ku nthochi zake, popeza wagona m'shedi ndipo wagwiridwa ndi manja amodzi ndi mnzakeyo. Anapepesa, poyamba kwa mayiyo, kenako kwa bamboyo, nati akanakonda zikanakhala mwina.

Bamboyo anagwira tayala la njinga ndi dzanja lamanzere kuti abwerere kunyumba, koma njinga yokankhidwa mbali imodzi imangozungulira pamalo amodzi. Anazungulira mpaka anayang'ananso tepi. Anayesanso. Mkazi wake anafika kumbuyo n'kugwira zogwirira.

"Musandigwire."

Anasiya. Amene anamukankha anali mng'ono wake.

Mabotolo anayesetsa. Anapita kwa abwana ake kukapempha kuti alole kudula timitengo tochepa, topanda masamba, toviikidwa m'mankhwala, kuti mbewu isatheretu. Abwanawo anati akalola mmodzi aliyense adzabwera ndi nkhani yake, ndipo popeza mwini nazale ndi m'bale wa woyendera, nkhani imeneyi ndiye iyenera kuyenda mowongoka kuposa zonse. Mabotolo anabwera kudzanena zimenezi ataima pakhomo, osalowa.

Otentha anabwera ndi lole, atavala maovololo ndi zophimba kumphuno. Anakumba dzenje lalikulu pabwalo, pakati pa shedi ndi nyumba, chifukwa kwina kunali pafupi ndi mawaya a magetsi. Anayamba ndi maluwa, kenako mbande, matebulo ake omwe. Migolo inali yolemera, choncho mitengo ya makolo anaidulira mkati momwemo ndi sowo, n'kuikoka pansi, zipatso zosapsa zikugwa m'njira. Mmodzi wa iwo anatola lalanje kuti aike m'thumba, mnzake anamumenya padzanja. Pozula mizu ya manachesi anapeza achule ena awiri, ndipo mayiyo anauzidwa zimenezo ngati nkhani yomutonthoza. Anangogwedeza mutu. Mitengo yaiwisi sipsa msanga. Anathira dizilo kangapo, ndipo utsi woyera, wolemera, unakhala pabwalo tsiku lonse osakwera. Mayiyo anatseka mawindo n'kutsekera nsanza pansi pa chitseko. Mwamuna wake anapempha kuti njinga yake aiyang'anitse kukhoma, ndipo anakhala choncho mpaka lole inapita.

Bamboyo sanamukalipire mkazi wake. Zikanakhala bwino akanatero. Ankalola kusambitsidwa ndi kuvekedwa, chifukwa panalibe wina woti achite, koma ankayang'ana kumbali ngati ali m'chipatala. Akafunsidwa kanthu ankayankha ndi mawu amodzi. Mayiyo anayesa kumuuza kuti anthu amene anagulapo mbande zawo kale akhoza kuwapatsako nthambi, kuti akhoza kuyambanso. Bamboyo anafunsa kuti adzamezanitsa ndani. Mayiyo anati iye akhoza kuphunzira. Bamboyo anatseka maso.

Patapita masiku, Mabotolo anabwera ndi galimoto yobwereka. Anauza mlamu wake, mochita manyazi, kuti achimwene anamutumira uthenga woti akufuna akakhale kwa iye pang'ono, akapumeko mpweya wina. Anati mkazi wake wakonza kale chipinda cha ana. Anati ndi za kanthawi, munthu wodwala amakhala ndi maganizo ambiri, asazitengere kumtima. Mayiyo anafunsa ngati kwawoko pali masitepe pakhomo la kubafa. Kenako analowa kuchipinda kukalongedza. Anaika malaya, mathalauza a lamba wa mphira osavuta kuvula, mankhwala a m'mawa ndi a madzulo m'mapaketi osiyana, ndi supuni ya chogwirira chachikulu imene dzanja lamanzere linkatha kugwira. Anafotokozera mlamu wake mmene angamunyamulire osamukoka phewa lakufa, ndi kuti asamamusiye atagonera mbali imodzi nthawi yaitali. Mabotolo ankangoti inde alamu, inde alamu.

Anathandizana kumukweza pampando wakutsogolo. Njinga anaipinda n'kuika kumbuyo. Mayiyo anamumanga lamba, anamukonza kolala, ndipo bamboyo analola. Asanatseke chitseko anamufunsa kuti abwera liti.

"Kukakhala choti ndione."

Galimoto inatuluka pageti, inakhotera kumanzere. Mayiyo anatseka geti. Ofesi inali italamula kuti pansi pa shedi, mizati ndi neti zitsukidwe ndi mankhwala tepi isanachotsedwe, ndipo anali asanayambe. Anavala majombo, anasungunula ufa woyera wa mankhwalawo m'ndowa, anatenga bulashi ya mpini wautali. M'shedi munali mbee, mwakukulu kuposa mmene ankaganizira, ndipo pa simenti panatsala mabwalo a dzimbiri pamene panali migolo. Anayambira pangodya ya kumapeto, kukwecha chobwerera m'mbuyo kulowera kukhomo.